Galimoto Yopuma Loweruka

Galimoto ya Don Hilario Quiroz inkamveka isanaoneke. Ikangokhota pa tchalitchi cha ku Tepepan, agalu a mumsewu wa a Zepeda ankayamba kuuwa, ndipo Amparo Zepeda ankadziwa kuti nthawi yatsala yongokwanira kuvula epuloni, kusamba m'manja ndi kudziyang'ana kamodzi pagalasi. Inali galimoto ya buluu ya mu 1994, yolira ngati chigayo. Inali itatha miyezi isanu ndi itatu ikubwera Lamulungu lililonse, osaphonya, kuchokera kutsidya lina la mzinda, ku Azcapotzalco.

Lamulungu limenelo pageti panali Rigoberto, mlongo wake wamkulu wa Amparo, atatsamiritsa mbale ya mtedza pamimba. Chimwalirire mayi awo, Rigoberto anadzipatsa yekha udindo woyankhulira nyumbayo, ngakhale panalibe amene anam'pempha.

"Afika alamu a Lamulungu," anatero, akukupiza utsi ndi dzanja. "Zimitsani, bambo, tingafe tisanadye."

Hilario anazimitsa. Anatsika, natseka chitseko kawiri chifukwa kamodzi sichinkagwira, kenako anagwedeza mutu. Moni wake unali womwewo. Anali bambo wamasiye wa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo mawu ankawatulutsa ngati akumukanda pakhosi.

Galimoto zakale mumzinda muno zimapuma. Lamulo la utsi limati iliyonse ikhale pakhomo tsiku limodzi mkati mwa sabata, komanso Loweruka lililonse. Ya Hilario inkapuma Lachiwiri ndi Loweruka. Za Lachiwiri panalibe wodandaula.

Koma kwa a Zepeda tsiku lake ndi Loweruka. Malemu mayi awo anasiya mwambo woti 2 koloko ikakwana geti likhomedwe, mphika wa mole, msuzi wa tsabola ndi chokoleti, ufike patebulo la pabwalo, ndipo amene ali mkati ndiye wapabanja. Lamulungu linali la alendo ndi ogulitsa malonda. Hilario anaitanidwa Loweruka loyamba lenilenilo. Sanapite. Amparo atamukumbutsa kuti kuli sitima, iye anangoloza mwendo n'kunena kuti, "Bondo." Amparo analilandira bondolo, nayamba kuliteteza kwa abale ake ngati lake.

Amene sankaphonya Loweruka anali Licenciado Ulises Gamboa, mnzake wa Rigoberto. Anthu ankamutchula Licenciado ngati loya weniweni, koma satifiketi yake inali isanaonedwepo ndi diso la munthu. Ukwati unamuthera kawiri. Tsitsi ankalidetsa ndi mankhwala mpaka linkawala ngati nsapato ya msilikali. Ankayendera galimoto yoyera ya hayibulidi, zija zoyendera petulo ndi magetsi, zimene lamulo la utsi silizikhudza. Pagulu ankaitana Amparo kuti Amparito, ngati anakulira khomo limodzi.

Lamulungu lija, atamwa khofi pansi pa mtengo wa mapeyala, Amparo anatengera Hilario kutebulo lalitali lija. Analoza mpando wa khushoni yobiriwira umene unali pafupi ndi wake.

"Mpando uwu ndimaikapo chikwama changa Loweruka lililonse kuti pasakhale munthu," anatero. "Ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, Don Hilario. Zaka khumi ndi zisanu ndinathera kudwazika amayi. Zotsalazi sindithera kulondera mpando. Loweruka likubwerali chikwama ndichichotsa."

"Galimoto siyenda."

"Ndikudziwa. Agalu omwe akudziwa."

Hilario anayang'anitsitsa khushoniyo. Kenako anati khofi anali wabwino.

*

Sabata imeneyo Amparo anatumiza mauthenga a mawu asanu ndi awiri. Ankasimba za mvula imene inagwetsa maluwa ake, za mphwake amene wakhoza mayeso, za Licenciado amene wabweretsa botolo la mafuta onunkhira n'kumati ndi la ku Paris, pomwe jumbo yake inali ya pamsika wa Tepito. Za mpando sanatchulenso. Hilario ankamvetsera uthenga uliwonse kawiri, foni ataikanikiza kukhutu, n'kuyankha ndi chala chimodzi. "Chabwino." "Pepani." "Zoona." Wa mafuta onunkhira uja anaumvetsera katatu, ndipo sanauyankhe.

Lachitatu Itzel, mwana wamkazi wa Hilario, anapeza kapepala pansi pa nsalu yovundikira buledi. Panali chithunzi cha galimoto yonyezimira, ndi banja la anthu a mano oyera likuseka popanda chifukwa. Itzel anali ndi zaka makumi atatu. Anabwerera kudzakhala ndi bambo ake mayi ake atamwalira, ndipo anatengera mayi akewo chizolowezi chowerenga zinthu mokweza akafuna kuchititsa munthu manyazi. Anawerenga kapepalako konse ataimirira pakati pa khitchini. Yendani tsiku lililonse. Petulo pang'ono. Phokoso palibe. Atamaliza anafunsa kuti chinthu chimenechi chizigona pati, popeza galaja yawo inkalowa galimoto imodzi basi.

"Yakale amatenga," anatero Hilario.

"Ndiye mugulitsa amayi kuti mukadye mole kwa mayi wa maluwa uja."

"Ndi galimoto."

"Ndi galimoto, eti? Nanga juzi yawo pampando wakumbuyo mwaichotsa liti? Kolona yawo pagalasi bwanji? Ine ndinkafuna kuichapa juziyo, munandilanda."

Hilario anapitiriza kusenda lalanje.

Galimoto ya buluuyo anaisankha ndi Socorro, mkazi wake, ndipo woyendetsa anali Socorro. Hilario anakhala kumpando wa pambali zaka zoposa makumi awiri, akugwira mapu amene mkazi wakeyo sankawafuna. Chiwongolero anachizolowera Socorro atayamba kudwala. Lamulo litayamba kuipumitsa Loweruka, awiriwo anatenga tsikulo kukhala lotsuka galimoto. Akamaliza ankalowamo momwemo m'galaja, n'kutsegula wailesi ya nyimbo zakale zovina, akudya malalanje mpaka dzuwa kupendeka. Socorro atapita, Hilario sanasiye. Ankatsuka, ankapukuta, kenako ankakhala kumpando wake wa pambali, pachiwongolero palibe munthu. Bondo linkapwetekadi kukazizira. Koma si bondo limene linkamusunga ku Azcapotzalco.

Zimenezi Itzel ankazidziwa. Amparo sankazidziwa.

Itzel anapinda kapepala kaja kanayi, nakaika pafupi ndi makoko a lalanje. Ali pakhomo anatembenuka.

"Uno ndi mwezi wanji, ababa?"

"Julaye."

Itzel anadikira. Koma Hilario anali akuganiza zakuti batire la galimoto zimenezi limatani msewu ukasefukira ndi madzi. Itzel anatseka chitseko mwapang'onopang'ono, monga ankachitira mayi ake akapsa mtima zenizeni.

*

Loweruka m'mawa, kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu, Hilario sanatunge madzi m'ndowa. Anavala jekete lotuwa, napukuta nsapato, natuluka Itzel ali kumsika.

Masitepe a sitima ya pansi panthaka anawatsika osaima. Anasintha sitima kawiri, akukankhana ndi ogulitsa maswiti, ndipo pa Tasqueña anakwera kasitima kakang'ono kolowera ku Xochimilco. Anatsikira pa Huipulco. Ulendo wonse unamutengera ola limodzi ndi mphindi makumi anayi ndi zisanu. Malo ogulitsira galimoto anali ambirimbiri kufupi ndi kwawo, koma iye anasankha a kuno mwadala. Anali atamva kuti munthu wofuna kugula amam'patsa galimoto kuti aiyese pang'ono, ndipo kuchokera apa kukafika pageti la a Zepeda panali pafupi. Nzeru imeneyi anaiganiza yekha Lachinayi, ndipo anadziona kuti ndi wochenjera.

Anamulandira ndi mayi wina dzina lake Noemí, wa zaka ngati makumi anayi, wa pakamwa posatopa. Anamutcha Don Hilario asanakhale n'komwe, namupatsa madzi m'kabotolo, nayamba kuyamikira galimoto yotuwa imene inali pakati pa chipinda ngati mkwatibwi. Hilario anaizungulira kamodzi. Anagogoda chitseko ndi chala, chinalira ngati chitini cha mkaka. Anafuna kuona injini. Atatsegula anapeza zonse zavundikiridwa ndi pulasitiki, ngati pali chimene akubisa. Anafunsa kuti makaniko wa pakona angaikonze. Noemí anati ayi, imabwera konkuno, kwa anthu a makompyuta. Anafunsa kuti batire likafa zimatha bwanji. Noemí anati silifa msanga. Hilario anati mkazi wake nayenso madokotala ankatero.

Nkhani itafika pa galimoto yakale, Hilario anatulutsa chithunzi m'chikwama. Noemí anachiyang'ana, naluma mlomo wam'munsi, nati ndi yosamalika bwino. Hilario anaona kuti mayiyo akumeza chiseko. Anabweza chithunzicho msanga.

Atalowa m'galimoto yotuwa ija kuti akaiyese, anafunafuna poika kiyi. Panalibe. Noemí, amene anakhala kumpando wa pambali, anamuonetsa batani. Hilario anadina. Zii.

"Yafa," anatero.

"Yalira kale, Don Hilario."

"Sindikumva."

"Ndi mmene imakhalira. Ndiye ubwino wake umenewo."

Hilario anayang'ana kutsogolo. Galimoto yosanena kuti yadzuka. Galimoto yoyenda chonyang'ama ngati mphaka wofuna kuba nyama. Anamvetsa tsopano chifukwa chake Licenciado ankaikonda. Anachotsa phazi pabuleki, ndipo chinthucho chinayamba kusuntha chokha ngati chikutsetsereka pasopo.

Noemí anati akhotere kumanja kuti azungulire n'kubwerera. Hilario anapitirira molunjika. Noemí ananenanso pamphambano yachiwiri, nanenanso pa yachitatu, kenako anayang'ana wotchi nafunsa mwaulemu kuti akupita kuti.

"Pafupi," anatero Hilario.

*

Anakhota pa tchalitchi cha ku Tepepan kutatsala mphindi khumi kuti 2 koloko ikwane. Agalu anali gone pakati pa msewu. Mmodzi anatsegula diso, nalitsekanso. Hilario anachita kuwazungulira. Miyezi isanu ndi itatu agalu amenewa akumulandira ngati bwanamkubwa, lero sanamuone kukhala kanthu.

Anaima kumbuyo kwa galimoto yoyera ya Licenciado. Geti linali lotsegula pang'ono, ndipo kuchokera pabwalo munkamveka mbale ndi mawu a anthu. Panalibe amene anatuluka. Hilario anafuna kuliza hutala, koma chimene anadina chinayambitsa zopukutira galasi. Akulimbana nazo anamva dzina lake.

Licenciado ndiye anali pakati pa nkhani. Ankati galimoto ngati ya Don Hilario anaionapo ina ku Milpa Alta, ndipo munkaikira nkhuku. Ankati mwamuna amene akulephera kusintha galimoto sangasinthe kanthu kalikonse pamoyo wake, ndipo mkazi wokwatiwa ndi wotero azipuma nayo limodzi Lachiwiri ndi Loweruka. Anthu anaseka. Rigoberto anaseka kuposa onse, mpaka kutsokomola.

"Chotsa chikwamacho, iwe Amparo," anatero Rigoberto. "A Licenciado azidyera kumapeto kwa tebulo ngati mwana mpaka liti?"

"Kwatsala mphindi khumi, achimwene."

"Mphindi khumi zoti chigayo chimere mapiko?"

"Munthuyo ali ndi bondo," anatero Amparo, ndipo mawu ake anali ouma. "Masitepe a sitima ija inu munawakwerako liti, ndi mimba imeneyo? Kuchokera ku Azcapotzalco, kusintha kawiri, ndi bondo lotere? Akanatha akanabwera. Munthu uja sanena zambiri, koma sanandinamizepo."

Hilario anazimitsa zopukutira galasi zija. Noemí, amene anamva zonse, anamuyang'ana ndi maso atsopano, namwetulira ngati wagulitsa kale. Anam'gwira pamkono n'kumuuza kuti apite.

Hilario atakankha geti, pabwalo panangoti phee. Rigoberto anatsala ndi supuni m'mwamba. Azakhali awiri anasuzumirana. Amparo anali ataimirira ndi chipande m'manja, atavala epuloni yothimbirira, tsitsi atalimanga ndi kansalu, mole atamudontha pamkono. Hilario anali asanamuonepo chonchi. Amparo anagwira kumutu msanga, nkhope itafiira, koma maso ake anaseka.

"Mwafika bwanji?"

Hilario analoza panja.

Onse anatuluka kukaona. Ana anayamba kudinda zala pamagalasi. Rigoberto anakankha tayala ndi phazi, nati mwina tsopano angathe kukambirana ngati amuna. Licenciado anaizungulira manja ali kumbuyo. Anati ndi yabwino kwa munthu woyamba, ngakhale kuti yake ndi yaikulu, ndipo mipando yake ndi yachikopa. Kenako anaona Noemí atanyamula mapepala, naona kuti galimotoyo ilibe nambala yeniyeni. Anamupatsa moni wa mano onse, nafunsa kuti achokera nayo kuti. Noemí anati pa Huipulco.

"Pa Huipulco pomwepa? Ndiye Don wathuyu anafikako bwanji, Loweruka, kuchokera kumpoto konse kuja? Takisi yake ndiye inadya bwino."

"Takisi yanji," anatero Noemí, pofuna kukweza kasitomala wake. "Anabwera pa sitima. Ndinawaona ndekha pawindo akutsika masitepe a pamlatho aja awiriawiri. Ndinachita kuuza anzanga kuti bambo awo ndi olimba kuposa ife."

Licenciado anangotembenukira kwa Amparo, nakweza nsidze zake zodetsa zija.

"Huipulco," anatero Amparo. Anawerenga ndi zala za dzanja losagwira chipande. "Masiteshoni atatu kuchokera pano."

*

Amparo anauza abale ake kuti akadye, chakudya chingazizire. Anthu analowa mozengereza, akucheukacheuka. Noemí anakalowa m'galimoto n'kumayerekeza kuwerenga mapepala ake. Amparo anavula epuloni pang'onopang'ono, naipinda, naikoleka pageti. Tsitsi sanaligwirenso.

"Galimoto mwaikwerera sitima," anatero.

"Ndinkafuna kufika."

"Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikudyetsa abale anga bondo lanu. Ndakangana ndi achimwene. Ndinakufunsirani ndi mankhwala opaka kwa mayi wa pamsika, ali m'kabati umo. Loweruka mumatani, Don Hilario?"

Hilario anayang'ana agalu. Anayang'ana nsapato zake. Mkati wina anagwetsa mbale, ndipo mwana analira. Amparo sanamuthandize ndi liwu limodzi lomwe, ngakhale kuti ndiye ankamalizitsa ziganizo zake masiku onse.

"Ndimatsuka galimoto ya Socorro," anatero pomaliza. "Kenako ndimakhalamo."

Ankayembekeza kukalipiridwa. Amparo anangopuma mozama.

"Mukanatero ndikanamva. Ine amayi anga ndimawaikirabe kapu patebulo, munaiona. Mukanati, Amparo, Loweruka ndi la malemu, ndipatseni nthawi, ndikanakupatsani. Koma inu munasankha bondo. Ndiye lero mwati bodzalo mulivundikire ndi chinthu ichi." Anachiloza ndi chibwano. "Chinthu cha a Licenciado. Chofika mozemba, chondipeza ndi epuloni, chomvetsera za eni pageti. Ndinakupemphani galimoto ine?"

"Ayi."

"Ija yanu ndimaimva ili pa tchalitchi. Ikalira ndimadziwa kuti kukubwera munthu amene sakubisala. Ndinkaganiza choncho."

Hilario anayang'ana galimoto yotuwa ija.

"Lero simudya," anatero Amparo. "Loweruka likubwerali, 2 koloko. Pa sitima, monga mwaipitira galimotoyi. Mukafika pa mawilo anayi, kaya ndi iyi, kaya ndi takisi, kaya ndi ya mnzanu, musagogode. Ndipo Lamulungu musabwerenso. Alendo andikwana."

Anatenga epuloni yake nalowa. Kiyi analira kawiri. Hilario anasuzumira pampata wa pakati pa geti ndi khoma. Anaona Licenciado atanyamuka kale ndi mbale yake, akulowera kumpando wa khushoni yobiriwira. Anaona Amparo akuchotsa chikwama chija. Kenako Amparo ananyamula mpando wonsewo, nadutsa nawo pamaso pa Licenciado, nakauika kukhitchini.

"Amparito," anatero Licenciado, mbale ili m'manja.

"Dzina langa lilibe mchira," anayankha Amparo. "Khalani pomwe munali."

Rigoberto anayamba kulalata kuti nyumba ino ili ndi mwamuna, ndipo sabata yamawa mpando umenewo aukhazika yekha munthu wodziwika. Hilario sanadikire kumva zotsalazo.

*

Anabwerera ku Huipulco. Atafika, Noemí anapepesa, nati iye ankangofuna kuyamikira. Hilario anati palibe kanthu. Noemí anafunsa kuti aganiza zotani pa galimotoyo.

"Ayi."

Noemí anati anthu ambiri amayamba ndi ayi. Anati yotuwayi aisunga sabata imodzi, mapepala akhoza kutha pofika Lachisanu, ndipo Loweruka m'mawa munthu akhoza kutuluka nayo. Anamulowetsera kakhadi m'thumba la jekete asanakane.

M'kasitima munali modzaza. Hilario anaimirira, dzanja limodzi pachitsulo, natulutsa foni. Analemba ndi chala chimodzi kuyambira pa Huipulco mpaka pa Tasqueña, akufufuta ndi kuyambiranso. Unali uthenga wautali kuposa wina uliwonse umene analembapo.

"Ndibwera pa sitima. 2 koloko isanakwane. Ndalonjeza."

Yankho linamupeza akukwera masitepe a ku Azcapotzalco. Silinali la mawu ngati masiku onse. Linali lolemba, ndipo linali liwu limodzi.

"Chabwino."

Analiwerenga kanayi. Anadziwa tsopano mmene liwu limeneli limaumira ukalilandira.

Mvula yamadzulo inali itangokata kumene pamene ankafika pakhomo. Galaja inali yotsegula. Galimoto ya buluu inali itatsukidwa, madzi akudontha m'matayala, ndipo wailesi inkaimba chapansipansi. Itzel anali akufinya nsanza m'ndowa, siketi itanyowa mpaka m'mawondo. Sanadzutse mutu.

"Ndaona kuti lero inalibe woitsuka," anatero.

Hilario anati anali ndi kopita. Itzel anati wadziwa, jekete lanena. Anayanika nsanza pawaya, napukuta manja, nayamba kufotokoza ndi mawu wamba ngati akunena za mtengo wa tomato. Anati wachokera kwa abambo mfumu ndipo zonse zatheka. Azakhali a ku Puebla afika Lachisanu. Amalume abweretsa maluwa. Misa iyamba 12 koloko, ndipo abambo mfumu apempha kuti mwamuna wa malemu akhale kutsogolo, ndiye adzanyamule zopereka.

"Misa yanji?"

Apa Itzel anamuyang'ana.

"Loweruka likubwerali ndi pa 19, ababa."

Wailesi inapitiriza kuimba. Hilario anaona kolona ikulendewera pagalasi, naona juzi pampando wakumbuyo. Pa 19 Julaye, tsiku limene Socorro anamwalira. Zaka ziwiri zapitazi tsiku limeneli ankayamba kulimva kudakali mwezi, ngati dzino. Ankalephera kudya. Ankadzuka nalo, nagona nalo. Chaka chino linafika mpaka pakhomo iye akuganiza za batire.

"Ndimadikira kuti mukumbukire nokha," anatero Itzel. "Ndadikira mpaka lero. Mudzavale jekete lomweli. Laoneka kuti limakukhalani."

Ananyamula ndowa nalowa m'nyumba.

Hilario anatsala yekha. Misa ya abambo mfumu amenewa sinkatha 1 koloko isanakwane. Sitima inali ola limodzi ndi mphindi makumi anayi ndi zisanu, anaziyesa yekha m'mawa womwewo. Pagalimoto, msewu ukakhala bwino, munthu akhoza kufika ku Tepepan ola lisanathe. Ya buluu Loweruka siyenda. Imene inkayenda inali ija yonyang'ama, imene kakhadi kake kankamubaya m'thumba, ndipo imeneyo geti la a Zepeda linali litaikana kale.

Anatsegula chitseko cha kumpando wa pambali, koma sanalowe. Anangoima, dzanja lina pafoni, lina pakakhadi. Bondo linayamba kupweteka, ulendo uno zenizeni.